NKHANI ZA M'MUDZI: Gombe Likagulitsidwa, Ana Adzakocheza Pati?

Makolo ndi achinyamata, mwezi uno tiyeni titembenukire kumwera kwa Nyanja ya Malaŵi, m'boma la Mangochi, m'dziko la Mfumu Nankumba. Kumeneko mtunda umaloŵa m'nyanja ngati mkono, ndipo ku nsonga kwake kuli mudzi wa Chembe, umene alendo amautchula Cape Maclear. M'magombe ena a kuseri kwa mapiri muli midzi ya Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale, ndipo ku ina mwa midziyi munthu amafikako pa bwato kapena podzera kanjira ka m'phiri. Nkhani yathu ndi ya malo a anthu ameneŵa, koma ikhudzanso banja lililonse limene lili ndi kadziko kosiyiridwa ndi makolo.

MOYO WA PA GOMBE

Munthu wa kumtunda amati chuma chili m'nthaka. Kwa munthu wa kunyanja, gombe ndilo munda wake, ndilonso nkhokwe yake. Dzuŵa likapendeka, asodzi amakankhira mabwato m'madzi atanyamula nyali ndi ukonde wa chilimila, kukasaka usipa ndi utaka usiku wonse. M'bandakucha amakocheza pa dooko, pamene amai ndi ogula amakhala akuŵadikira ndi mabeseni. Usipa uja amauyanika pa thandala pomwepo, ndipo ukauma umapita m'matumba ku misika ya Limbe, Zomba ndi Lilongwe. Pa mchenga womwewo abambo amasoka maukonde, amai amachapa ndi kutunga madzi, ana amaphunzira kusambira ndi kupalasa. Ndalama za sukulu, za sopo ndi za chipatala zonse zimatulukira pa kamzere kameneka ka mchenga. Chifukwa chake munthu akafunsa kuti gombe ndi la yani, wafunsa za moyo wa mudzi wonse.

ALENDO OYAMBA ADAPEMPHA

Ife a Chipresibeteriyo malo ameneŵa sitingaŵaiŵale. Pa 12 Okutobala 1875 sitima ya Ilala idaloŵa m'nyanja kuchokera mu mtsinje wa Shire, itanyamula amishoni a ku Scotland otsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo pakati pao padali Dr Robert Laws. Iwo asanamange kanthu adayamba aonana ndi Mfumu Mponda, napempha malo, ndipo mishoni ya Livingstonia idayambira pa Cape Maclear. Malungo adaŵasautsa kwambiri. Dr William Black adamwalira mu 1877, ndipo manda ake ndi a anzake alipo kufikira lero. Mu 1881 Albert Namalambe adabatizidwa, woyamba pa mishoniyo, ndipo chaka chomwecho amishoni adasamukira ku Bandawe. Alendo adapita, koma eni mudzi adatsala pa gombe lao. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma alendo a masiku ano, pamodzi ndi anthu achuma a m'mizinda yathu, amabwera ndi mapepala, njerwa ndi mipanda, ndipo sakamuka.

MUDZI WOPANIKIZIKA

Mu 1980 boma lidakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, makamaka pofuna kusunga timbuna, tinsomba tokongola tokhala m'miyala. Mu 1984 bungwe la UNESCO lidailemba pa mndandanda wa malo amtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Mapiri a kumeneko ndi zilumba monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo zidaloŵa m'manja mwa boma, ndipo kupha nsomba pa mtunda wa mamita 100 kuchokera ku magombe otetezedwa kudaletsedwa. Midzi isanu ija sidasamutsidwe, koma idatsala yozingidwa: kutsogolo nyanja, kumbuyo nkhalango ya boma. Ana akubadwa, asodzi a ku madera ena akubwera kudzakhala, koma nthaka siikula.

Pa kadziko kochepa komweko pafikanso nyumba zogona alendo ndi nyumba zopumulira za anthu opata. Aliyense woyenda pa mseu wochokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay amaona mipanda itandandalikana kumbali ya nyanja. Tisanene monama kuti zonsezi ndi zoipa. Malo ameneŵa alemba ntchito ana athu ambiri, ena ophika, ena alonda, ena operekeza alendo ku zilumba, ndipo osema ziboliboli apeza msika. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ntchito imatha, ndalama zogulitsira malo zimatha msanga koposa, pamene mpanda umakhalabe. Mai amene ankatunga madzi pafupi ndi khomo lake tsopano amazungulira ulendo wautali kufunafuna kanjira kotsikira ku nyanja.

KODI MWINI WAKE NDANI?

Pa mwambo wa Anyanja, Acheŵa ndi Ayao, malo ndi a mbumba. Amayenda kudzera kwa amai, ndipo atsibweni, amene ali eni mbumba, ndi oyang'anira chabe m'malo mwa alongo ao ndi ana a alongo aowo. Mfumu nayonso imagaŵa malo m'dzina la anthu ake, siili mwini sitolo. Mavuto amayamba pamene mmodzi wa pa banja, kaya mtsibweni, kaya mwana wokhala m'tauni, alandira ndalama mobisa nasaina pepala limene abale sadaliŵerenge. Abale amadzidzimuka poona amisiri akukumba maziko, ndipo madzi akatayika saoleka.

Lamulo la malo la 1965 lidagaŵa nthaka ya Malaŵi patatu: malo a boma, malo a munthu payekha, ndi malo a mafumu. Pa lamulo limenelo malo a m'mudzi ankatha kusandutsidwa a lizi, ndipo akatero kaŵirikaŵiri sankabwereranso kwa mbumba. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa malamulo atsopano, amene amalola banja kapena munthu kulembetsa malo ake a m'mudzi ndi kulandira chiphaso. Malamuloŵa adaika komiti ya malo pa gulupu aliyense: a gulupu ndiwo a pampando, ndipo pa anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera 3 ayenera kukhala amai. Adaikanso mabwalo oweruza milandu ya malo. Mu 2022 malamuloŵa adakonzedwanso, ndipo adakhwimitsidwa makamaka pa za anthu a maiko ena ofuna malo. Koma lamulo losadziŵika silitchinjiriza munthu, monga ukonde wosungidwa pa tsindwi sugwira nsomba.

Nkhaniyi siili kwathu kokha. Ku Papua New Guinea, dziko la zilumba la kutali kum'maŵa, pafupifupi 97 peresenti ya nthaka ndi ya mafuko, yosungidwa pa mwambo monga kwathu kuno. Komabe pofika mu 2011, mahekitala oposa 5 miliyoni adali atabwereketsedwa kwa makampani, ambiri pa zaka 99, ndipo ochuluka adali odula mitengo. Boma la kumeneko lidaika bungwe lofufuza, limene mu 2013 lidapeza kuti pa mapangano ambiri eni nthaka sadafunsidwe moyenera. Ngati zidatheka kumeneko, kumene mwambo wa malo uli wolimba chotere, nanga kuli bwanji pa gombe lathu lopapatizali?

MALO NDIWO CHITETEZO

Nyanja imadyetsa, komanso imalanda. M'miyezi yachisanu mphepo ya mwera imautsa mafunde aakulu, ndipo bwato lofuna kuthaŵa limasoŵa dooko lapafupi lokochezapo. Dooko likatsekedwa ndi mpanda, msodzi amapalasa ulendo woonjezera pa nthaŵi imene sayenera kukhala pa madzi.

Nyanja imakweranso. Achikulire akukumbukira madzi a 1979 ndi 1980, ndipo mu 2024 nyanja idasefukira nimiza nyumba, minda ndi malo ogona alendo m'magombe a Mangochi. Banja limene lidagulitsa malo ake okwera ndi kusunthira pa chigwa ndilo limayamba kuloŵedwa ndi madzi, ndipo limasoŵa kobwerera.

Amai ndi ana akatsekeredwa gombe la mchenga woyera, amakatunga ndi kuchapa m'mabango ndi m'madzi odikha, mmene mumabisala ng'ona ndi mvuu, mmenenso mumaswana nkhono zofalitsa likodzo. Ofufuza amene adagwira ntchito pa Chembe adaona kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha kukoka makoka m'mphepete, nkhonozo zidachuluka, ndipo likodzo lidakula pakati pa ana a sukulu. Komanso pamene anthu athithikana pa malo ochepa, posoŵa ndi pokumba chimbudzi pomwe, kolera sachedwa kufika. Mliri wa 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi lidali limodzi la maboma osautsidwa koposa. Taonani tsono kuti nkhani ya malo ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

MAU KWA MAKOLO

Choyamba, khalani pansi ndi mbumba yonse, amai ndi ana omwe, ndipo muyende nao m'malire a malo anu kuti aŵadziŵe inu mukali moyo. Mutu umodzi susenza denga.

Chachiŵiri, pitani kwa a gulupu ndi ku ofesi ya malo ya pa boma, mukafunse za kalembetsedwe ka malo m'dera lanu. Polembetsa musaiŵale maina a alongo, amasiye ndi ana amasiye, pakuti ndiwo amayamba kulandidwa.

Chachitatu, musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simudalimve. Pezani munthu wokhulupirika, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo, akuŵerengereni m'chinenero chanu pamaso pa mboni. Safunsa adadya phula.

Chachinai, ngati mudzi wagwirizana kulandira womanga, panganani poyera za zaka zake, za malire ake, ndi za njira yotsikira ku nyanja, ndipo zilembedwe. Dooko, manda ndi potunga madzi zikhale za onse, zosagulitsidwa.

Inunso mafumu ndi akulu a mpingo, udindo wanu ndi waukulu. Kamtengo kolandirira m'manja usiku kadzaliritsa zidzukulu zanu masana.

MAU KWA ACHINYAMATA

Anyamata ambiri a ku Mangochi amalakalaka ulendo wa ku Johannesburg, ndipo ena amaumiriza makolo kugulitsa malo kuti apeze ndalama za pasipoti ndi basi. Ena amafuna njinga yamoto kapena injini ya bwato. Kufuna kutukuka si kulakwa. Koma ŵerengerani bwino, ana anga: injini imaonongeka, ntchito ya kunja imatha, ndipo wodwala kapena wothamangitsidwa amabwerera kwao. Kodi adzafikira pati ngati kwaoko kuli mpanda wa mwini wina? Inu amene mudapita ku sukulu, khalani maso a makolo anu. Aŵerengereni mapepala, loŵani m'makomiti a malo ndi a pa gombe, lemekezani miyezi yotseka nyanja kuti chambo chiswane, ndipo musakwere bwato lodzaza mopitirira kapena kuloŵa pa madzi mwera utauka.

Makolo athu adatisiyira gombe lopanda chiphaso ndi lopanda mpanda, popeza m'masiku ao mau a pa bwalo ankakwanira. Masiku athu afuna mau ndi pepala lomwe. Madzulo ano mukatha kudya, funsanani pa banja panu: kodi malo athu amalekeza pati, ndipo adalembedwa m'dzina la yani? Ngati yankho likusoŵa, musadikire kufikira amisiri atafika ndi njerwa.

Tsalani bwino, tidzachezanso mwezi wamaŵa.