Mabuleki Amacenjeza Asanafe

Msewu wa Mosi-oa-Tunya, wocokera m'tauni ya Livingstone kupita ku mathithi, ndi wa makilomita pafupifupi 10. M'nyengo ya cirimwe njobvu zimaudutsa popita ku mtsinje wa Zambezi, ndipo woyendetsa takisi angafunike kuima mwadzidzidzi. Pa nthawi yotere miyoyo ya onse amene wanyamula iri m'mabuleki.

Mabuleki safa mwakacetecete. Akayamba kulira ngati mluzu, ndiye kuti mapadi aperepeseka, ndipo akatsala mamilimita 3 ayenera kusinthidwa. Akamveka kukukuta, ndiye kuti citsulo cayamba kudya citsulo cinzace. Copondera cikamira mpaka pansi, mafuta a mabuleki akudontha kapena m'mipope mwalowa mpweya. Galimoto ikakokera mbali imodzi poima, gudumu lina likugwira koposa linzace. Akulu anati ng'oma yoliritsa sicedwa kusweka.

Bvuto ndi lakuti eni magalimoto ambiri amadikira tsiku lokapimitsa ku bungwe la RTSA ndipo pamene akumbukira makaniko. Koma cipepala ca bungweli cimangocitira umboni za tsiku limene galimoto inapimidwa. Mapadi amadyeka tsiku ndi tsiku, makamaka pa takisi imene imaima kawiri-kawiri pakati pa Maramba, Dambwa ndi Libuyu.

Cotero mwini galimoto asakakamize dalaivala kugwira nchito mabuleki akulira, ndipo dalaivala asaope kukana. Mtengo wa mapadi umadziwika, koma wa munthu wogundidwa palibe angaulipire.