Wotsogolera Achinyamata Nayenso Aphunzitsidwe

M'chaka changa choyamba cha uphunzitsi, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya sekondale kumene ndinatumizidwa anandiitana mu ofesi yake nandiuza kuti kuyambira tsiku limenelo ndidzakhala woyang'anira gulu la ophunzira Achikhristu. Anandisankha chifukwa ndinali wosakwatira, nyumba yanga inali pafupi ndi sukulu, ndipo Lamulungu ndinali kuoneka kutchalitchi. Sanandifunse ngati ndikudziwa chochita ndi ana odzaza kalasi, ndipo inenso sindinafunse kanthu. Ndinangochita zimene ndinaona ena akuchita. Lachitatu lililonse madzulo ndinali kuima kutsogolo, kuwerenga Mawu, ndi kuwadzudzula za mowa, fodya ndi chiwerewere kwa ola lathunthu.

Pofika teremu yachitatu anatsala ochepa. Mmodzi mwa amene analeka kubwera anali mtsikana wa Fomu 3, amene pambuyo pake analekanso sukulu. Patapita miyezi ndinamva kuti bambo ake anali atamwalira ndipo fizi inasowa. Mwana ameneyu anakhala pamaso panga milungu yambiri ali ndi nkhawa imeneyo, ine ndili kulalikira za machimo amene iye sanali kuchita. Sindinamfunse za kwawo ngakhale tsiku limodzi.

Ndasimba zimenezi, awerengi, chifukwa cholakwa changacho chikuchitikabe m'masukulu ndi m'mipingo yambiri. Timayesa kuti kutsogolera achinyamata ndi ntchito imene aliyense wopemphera angathe kuigwira, chotero timaipereka kwa amene wapezeka pafupi. Ganizo langa ndi lakuti ntchito imeneyi ili ndi mfundo zake ndi njira zake, monga momwe uphunzitsi ndi unamwino zilili, ndipo mpingo kapena sukulu isapereke ana m'manja mwa munthu isanamphunzitse mfundozo.

Taganizani. Mbusa asanapatsidwe mpingo amakhala zaka zingapo pa sukulu ya ubusa, monga ija ya ku Zomba imene inatsegulidwa m'chaka cha 1977. Wansembe amakhala zaka zambiri ku seminale asanadzozedwe. Ngakhale msungichuma wa mpingo amayamba waonetsedwa kalembedwe ka m'buku la ndalama, pakuti timaopa kuti chopereka chingasowe. Koma wotsogolera achinyamata amasankhidwa pa mphindi zisanu pokweza manja, anthu akufulumira kukadya nsima. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, 51 anali osakwana zaka 18. Ndiye kuti theka la nkhosa talisiyira abusa amene sitinawaonetse kumene kuli msipu.

Kuti tione kuti mfundozo zilipodi ndipo zimaphunzitsika, tiyeni tipite ku Italy, mumzinda wa Turin, m'chaka cha 1841. M'chaka chimenecho John Bosco, mwana wa mlimi wosauka, amene bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka ziwiri, anadzozedwa unsembe. Mzindawo unali kukula, ndipo anyamata anali kubwera kuchokera m'midzi kudzafuna ntchito yomanga nyumba. Mphunzitsi wake, Joseph Cafasso, anali kumtenga popita kukacheza m'ndende, kumene anaona anyamata a zaka za pakati pa 12 ndi 18 atatsekeredwa, ali opanda chochita. Chimene chinampweteka koposa chinali chakuti ambiri anali kutuluka ndi mtima wofuna kusintha, koma posakhalitsa anali kubwereranso chifukwa kunja kunalibe wowalabadira.

Monga anasimbira iye mwini, pa 8 Disembala chaka chomwecho anamva phokoso m'chipinda chovalira ansembe. Wosamala tchalitchi anali kupirikitsa ndi ndodo mnyamata wina chifukwa sanali kudziwa kutumikira pa Misa. Bosco anaitanitsa mnyamatayo, namfunsa dzina lake, kwawo, ntchito yake ndi za makolo ake. Anali Bartolomeo Garelli, mwana wamasiye wa zaka 16, womanga nyumba, wosadziwa kulemba ndi kuwerenga. Phunziro la katekisimu linadza pambuyo pa mafunsowo. Posakhalitsa mnyamatayo anabwera ndi anzake.

M'chaka cha 1846 gululo linapeza malo okhazikika ku Valdocco, m'mphepete mwa mzindawo, ndipo mayi ake a Bosco anachoka kumudzi kudzawaphikira anyamatawo ndi kuwasokera zovala. Pakati pa sabata Bosco anali kuwatsata kumene anali kugwira ntchito. Anali kulemberana mapangano ndi mabwana awo kuti asamawamenye, aziwapatsa mpumulo Lamulungu, ndipo aziwaphunzitsa ntchito yeniyeni m'malo mowatuma za pakhomo. M'chaka cha 1853 anatsegula malo ophunzirira kusoka nsapato ndi zovala, ndipo pambuyo pake ukalipentala ndi kusindikiza mabuku.

M'chaka cha 1877 analemba njira yake m'kabuku kakang'ono kuti ena aiphunzire. Anasiyanitsa njira ziwiri. Yoyamba ndi yoika malamulo, kubisala, ndi kudikira kuti mwana alakwe kuti alangidwe. Yachiwiri, imene iye anasankha, ndi yopewetsa cholakwa pokhala pakati pa ana nthawi zonse monga mkulu wawo. Njira yachiwiriyi anaikhazika pa mfundo zitatu, monga mphika ukhalira pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndi nzeru: mwana auzidwe chifukwa cha lamulo lililonse ndipo aloledwe kufunsa. Lachiwiri ndi chipembedzo, chophunzitsidwa mokopa ndi mosakakamiza. Lachitatu ndi chikondi chimene mwana mwini akuchiona ndi maso ake. Mukachotsa fuwa limodzi, mphika ugwa. Ine pa sukulu paja ndinali kuphikira pa fuwa limodzi lokha, ndipo n'chifukwa chake zonse zinatayika.

Bosco analinso kuwakhulupirira achinyamata ndi ntchito zolemera. Pamene mliri wa kolera unagwa mu Turin m'chaka cha 1854, anyamata ake okulirapo anadzipereka kukadwazika odwala. Michael Rua, amene anatsogolera chipani cha Salesian Bosco atamwalira m'chaka cha 1888, anali mmodzi wa anyamata amene anakulira m'manja mwake. Komabe njira yabwino imatha kuiwalika ngakhale mwini wake ali moyo. M'chaka cha 1884, ali ku Rome, analembera anzake a ku Valdocco kalata yodandaula kuti aleka kusewera ndi ana pabwalo ndipo ayamba kuima patali ngati akapitawo. Ngati anthu amene anakhala ndi Bosco anafunika kukumbutsidwa, nanga ife amene sitinamvepo n'komwe?

Bosco akutiphunzitsa makhalidwe a mtsogoleri. Za kayendetsedwe ka msonkhano wa gulu tiphunzire kwa wansembe wina wa ku Belgium, Joseph Cardijn, amene anabadwa m'chaka cha 1882. Ali mnyamata ku seminale, anabwera kwawo pa tchuthi napeza kuti anzake a ku sukulu amene analowa ntchito m'mafakitale asanduka adani a mpingo ndipo akumuyesa iye wowagulitsa. Chinthu chimenechi sanachiiwale. Atadzozedwa m'chaka cha 1906 anayamba kusonkhanitsa achinyamata apantchito m'timagulu ting'onoting'ono, ndipo m'chaka cha 1925 Papa Pius XI anavomereza gulu lake la Young Christian Workers. Gulu la YCS limene ambiri a inu munalowa ku sekondale limatsata njira yomweyo.

Njira ya Cardijn ili ndi masitepe atatu: kuona, kuweruza ndi kuchita. Tiyerekeze kuti gulu langa lija likanaitsata. Pa kuona, ophunzira okha akanawerenga anzawo amene aleka sukulu teremu imeneyo, nafunsa chifukwa cha aliyense. Pa kuweruza, akanatsegula Baibulo nafunsana chimene Mulungu amafuna pa ana amasiye, ndi ngati zimene zikuchitika pa sukulu yawo zikugwirizana nacho. Pa kuchita, akanasankha kanthu kamodzi kotheka sabata imeneyo: awiri akacheze kwa mtsikanayo, ena akalankhule ndi mphunzitsi wamkulu za fizi, ena alime dimba la gulu. Sabata yotsatira aliyense akanafotokoza chimene wachita. Mtsogoleri pamenepa amalankhula pang'ono, ntchito yake ili kufunsa mafunso abwino ndi kuona kuti chimene chagwirizanidwa chachitika. Papa John XXIII anayamikira njira imeneyi m'kalata yake ya m'chaka cha 1961, ndipo palibe kanthu m'menemo kamene wa CCAP, wa Anglican kapena wa Baptist angalephere kugwiritsa ntchito.

Ena adzati utumiki ndi maitanidwe, ndipo Mzimu ndiye amaphunzitsa. Maitanidwe sindikuwakana. Koma Ambuye Yesu mwini anakhala ndi ophunzira ake pafupifupi zaka zitatu asanawasiyire ntchito, ndipo Paulo anayenda ndi Timoteo maulendo ataliatali, namlemberanso makalata omlangiza ngakhale za kalankhulidwe koyenera kwa akulu, kwa anyamata ndi kwa akazi. Maitanidwe amapatsa munthu mtima wofuna kugwira ntchito, maphunziro amamuonetsa pogwira khasu.

Ena adzati izi ndi nzeru za Azungu. Koma makolo athu sanali kupereka anamwali kwa mayi aliyense wodutsa panjira. Namkungwi anali munthu wodziwika, amene anayamba wathandizira anamkungwi akale kwa zaka zambiri asanaloledwe kulangiza yekha. Sinodi ya Nkhoma itakhazikitsa chilangizo chachikhristu, inaikanso alangizi osankhidwa bwino. Chotero ganizo lakuti wolera ana a eni ayambe waphunzitsidwa ndi lathu lomwe. Chachilendo ndi chimene tikuchita lerochi, chosankha munthu chifukwa ali ndi mawu abwino m'kwaya kapena chifukwa nyumba yake ili pafupi.

Enanso adzati ndalama palibe. Sindikunena za maphunziro a zaka zinayi. Masabata awiri pa tchuthi chachikulu, ndi kukumananso tsiku limodzi teremu iliyonse, zingasinthe zambiri. Mipingo inamanga kale malo ophunzitsirako Akhristu wamba, monga ku Chongoni m'boma la Dedza, ku Chilema kufupi ndi Malosa, ndi ku Likhubula m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Mpingo umene umatha kulipira galimoto yonyamula kwaya kupita ku chikondwerero ungathenso kulipira ulendo wa anthu awiri kupita kukaphunzira.

Kodi aphunzitsidwe chiyani? Choyamba, kudziwa mwana aliyense: dzina lake, amene amakhala naye, ndi chimene chimamsowetsa tulo. Chachiwiri, kutsogolera zokambirana za m'Baibulo kotero kuti ana alankhule koposa iye. Chachitatu, kugawa ntchito, kuti pochoka iye gulu lisafe. Chachinayi, malire. Njira yokhala pafupi ndi ana ili ndi ngozi yake, ndipo tisabise kuti pali atsogoleri amene anaononga ana amene anapatsidwa kuti awasamale. Kuyambira m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Wotsogolera adziwe kuti sayenera kudzitsekera m'chipinda ndi mwana ali awiri okha, kuti pa ulendo wogona konko payenera kukhala akulu aamuna ndi aakazi, ndi kuti mwana akaulula kuti akuzunzidwa, nkhaniyo iyenera kufika kwa apolisi kapena kwa a zosamalira anthu. Kuimaliza mwakachetechete pa bwalo la mpingo ndi kumpereka mwanayo kachiwiri.

Tsono ndilankhule ndi inu amene mwangomaliza Fomu 4 ndipo muli pakhomo kudikira zotsatira kapena ntchito. Ndinu amene mpingo udzakulozani chala posachedwa, pakuti mumadziwa kuwerenga ndipo muli ndi nthawi. Musakane, koma musavomerenso mwachimbulimbuli. Funsani akulu a mpingo kuti adzakuphunzitsani liti ndiponso ndani amene mudzamuonera ntchito. Akulu anati safunsa anadya phula. Poyembekeza maphunzirowo, yambani ndi chimene Bosco anachita kwa Garelli: tengani kabuku, lembani maina a ana onse a gulu lanu, ndipo mwezi usanathe mukhale mutafika pakhomo pa aliyense.

Ndi inunso aphunzitsi anzanga amene mumayang'anira SCOM, YCS ndi magulu ena otere. Tinaphunzitsidwa ku koleji kuti phunziro labwino limayambira pa zimene mwana akudziwa kale, koma tikalowa m'chipinda cha mapemphero timaiwala zonsezo n'kusanduka alaliki. Lachitatu likudzali khalani pansi pamodzi ndi ana, muwafunse amene mwa anzawo sakuonekanso m'kalasi, ndipo mudikire yankho ngakhale lichedwe. Ine ndinaphunzira funso limeneli mochedwa, mtsikana uja atapita kale. M'gawo lotsatira tidzaona mmene gulu lingakonzere zochita zake za chaka chonse.