Mankhwala a steroid si yankho la ululu wa msana kwa amayi a m'mbali mwa nyanja

Mangochi: Ululu wa msana wa mgonagona ndi limodzi mwa mavuto omwe amasautsa amayi ogwira ntchito ya nsomba ku Nkopola ndi madera ena a kumwera kwa nyanja ya Malawi, koma mankhwala okulitsa minofu otchedwa anabolic steroids, omwe anthu ena amawatama kuti amathetsa ululuwu, sali m'gulu la chithandizo chomwe akatswiri a zaumoyo amalimbikitsa.

Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, anthu pafupifupi 619 miliyoni ankavutika ndi msana m'chaka cha 2020, ndipo chiwerengerochi chikuyembekezeka kufika pa 843 miliyoni pofika 2050. Bungweli likuti vutoli limagwira kwambiri amayi poyerekeza ndi abambo.

M'madooko a m'boma la Mangochi chifukwa chake si chovuta kuchipeza. Amayi ndi amene amasenza mabeseni a usipa kuchokera m'mphepete mwa nyanja, kuwerama nthawi yaitali poyanika ndi kuwamba nsomba, kenako kukatunga madzi ndi kusenza nkhuni, nthawi zambiri mwana ali kumbuyo. Tsiku lomwe mayi wagona chifukwa cha msana, pakhomo sipalowa ndalama. N'chifukwa chake mankhwala alionse olonjeza mpumulo wa msanga amapeza msika mosavuta.

Ma anabolic steroids ndi mankhwala opangidwa motsanzira testosterone, homoni ya chimuna yomwe imakulitsa minofu. Ena mwa iwo ndi nandrolone, stanozolol ndi oxandrolone. Maganizo akuti angathandize msana ali ndi pochokera, poti m'mbuyomu madokotala m'maiko ena ankapereka nandrolone kwa amayi osiya kusamba omwe mafupa awo afooka, ndipo ku America oxandrolone ankaloledwa pochepetsa ululu wa mafupa otere. Koma m'chaka cha 2023 bungwe loona za mankhwala m'dzikolo la FDA linachotsa chilolezo cha oxandrolone, litaona kuti kuopsa kwake n'kwakukulu.

Kwa mayi, zotsatira za mankhwalawa n'zowawa. Mawu amasanduka ngati a mwamuna, ndevu zimamera, msambo umasokonekera, ndipo chiwindi ndi mtima zimatha kuonongeka. Kusintha kwa mawu kawirikawiri sikubwerera ngakhale munthu atasiya mankhwalawo. Mayi akakhala woyembekezera, mwana wamkazi yemwe ali m'mimba angathe kubadwa ziwalo zake zobisika zitasokonekera.

Palinso chisokonezo pa dzina lakuti steroid, lomwe limatchulidwanso pa gulu lina la mankhwala monga prednisolone ndi dexamethasone. Awa ndi mankhwala ofunika omwe madokotala amapereka pa matenda monga mphumu, ndipo poti amaziziritsa ululu ndi kunenepetsa nkhope, wodwala amatha kuganiza kuti akuchira. Chikhalirecho akamwedwa nthawi yaitali popanda dokotala amafooketsa mafupa, kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, komanso kutsitsa chitetezo cha m'thupi. Mapeto ake msana womwe munthu amafuna kuchiza ndi womwe umaonongeka.

Mu Disembala 2023, WHO inatulutsa ndondomeko yake yoyamba ya kasamalidwe ka ululu wa msana wopitirira miyezi itatu womwe sunayambe ndi matenda ena. Ndondomekoyi imalimbikitsa kuphunzitsa wodwala za vuto lake, masewero olimbitsa thupi, kutikita minofu, uphungu, ndi mankhwala a mtundu wa ibuprofen omwedwa kwa nthawi yochepa. Imaletsa kupereka mwachisawawa mankhwala a mtundu wa prednisolone, ophera ululu amphamvu a opioid, ngakhalenso malamba omanga m'chiuno.

Chodetsa nkhawa kwambiri m'madera a m'mbali mwa nyanja n'chakuti msana umatha kukhala chizindikiro cha matenda ena. Likodzo, lomwe ndi lofala ku Mangochi, limagwiranso ziwalo zoberekera za amayi n'kumayambitsa ululu m'chinena ndi m'chiuno. Kafukufuku yemwe anachitika pa chipatala cha boma cha Mangochi, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1996, ndi mmodzi mwa omwe anathandiza dziko kumvetsa nthendayi mwa amayi. Mankhwala ake ndi praziquantel.

Chifuwa chachikulu cha TB nachonso chimagwira mafupa a msana, makamaka kwa anthu omwe chitetezo chawo chatsika, ndipo chikachedwa kupezeka chimapuwalitsa miyendo. Mayi wotere akamamwa steroid wogula pamsika, ululu umabisika pamene nthenda ikudya mkati. Msana ukamawawa limodzi ndi kutentha thupi, kuonda, dzanzi m'miyendo kapena kulephera kusunga mkodzo, wodwala ayenera kuthamangira kuchipatala.

Lamulo lotetezera anthu lilipo. M'chaka cha 2019 dziko lino linakhazikitsa lamulo lomwe linabweretsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA) m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndipo kugulitsa mankhwala popanda chilolezo ndi mlandu. Komabe lamulo palokha silingatseke msika ngati mayi wa ku Nkopola akuona kuti wogulitsa mankhwala pa benchi ali pafupi kuposa dokotala wodziwa za mafupa.

Apa ndi pomwe pali udindo wa khonsolo ya boma la Mangochi, ofesi ya zaumoyo ndi nthambi ya za usodzi. Alangizi a zaumoyo akhoza kufalitsa uthengawu m'madooko kudzera m'makomiti a m'mbali mwa nyanja ndi mafumu, zipatala zazing'ono zikufunika anthu ophunzira za mafizo, ndipo matandala okwera bwino, mijigo yapafupi ndi mbaula zosatha nkhuni zingachepetse katundu yemwe amathyola misana ya amayi. Kuyendera misika pofuna kulanda mankhwala osaloledwa kudzapindula pokhapokha mayi wodwala msana akakhala ndi kwina kodalirika kopita.