Seva ya kuchipatala ikazima, mbiri ya wodwala imapita kuti?

Kumayambiriro kwa 2024, nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko muno idasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo. Mu February chaka chomwecho, Lazarus Chakwera, yemwe panthawiyo adali Pulezidenti, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali adalowa m'makina a nthambiyo ndipo amafuna ndalama. Ulendo ungathe kudikira, koma womwa ma ARV sangadikire masabata.

Zipatala zathu nazo zimadalira makina. M'zipatala zambiri za boma, mbiri ya omwa ma ARV imasungidwa mu kompyuta yaikulu yotchedwa seva, ndipo malipoti a pamwezi amapita ku Unduna wa Zaumoyo kudzera mu DHIS2. Seva ikazima, dokotala saona mankhwala omwe mudalandira komanso tsiku lobweranso.

Pofuna kupewa izi, akatswiri amalumikiza maseva awiri kapena atatu. Chilichonse cholembedwa mu yoyamba chimalowanso mu inzake nthawi yomweyo. Makinawa amatumizirana kachizindikiro pafupipafupi, ngati momwe timamvera kugunda kwa mtima. Yoyamba ikangoti zii, yachiwiri imatenga ntchito. Zili ngati impso: imodzi ikafooka, inzake imapitiriza kusefa magazi.

Koma kugula maseva awiri n'kuwaika chipinda chimodzi n'kudzinamiza. Magetsi akathima kapena mphezi ikaomba, onse amazimira pamodzi. Kumbukirani kuti namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu January 2022, kuzimazima kwa magetsi kudatenga nthawi yoposa chaka. Kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, komwe netiweki imavuta m'zigwa, seva ya pachipatala iyenera kukhala ndi sola ndi mabatire akeake, n'kumagwira ntchito ngakhale intaneti palibe.

Chinanso, seva yachiwiri imakopera zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Akathyali akaononga mbiri mu yoyamba, inzake nayo imaonongeka. N'chifukwa chake pamafunikanso kope lina losungidwa kutali, losalumikizidwa, lomwe amaliyesa kawirikawiri ngati likutseguka.

Amene muli m'makomiti a zipatala, funsani: seva ikazima, chimalowa m'malo n'chiyani, ndipo adachiyesa liti?

Makolo, kope lomaliza lili m'manja mwanu. Buku la kuchipatala lisungeni m'pepala la pulasitiki kuti lisanyowe, ndipo musachoke kusikelo musadaone kuti mlangizi wa zaumoyo walembamo katemera wa tsikulo.