Osasiya zakumudzi pakhomo la kalasi

M'sukulu zathu zambiri muli chizolowezi chimene ndimadana nacho. Mphunzitsi akatsegula buku, amayamba ndi kulembetsa notsi, ophunzira n'kuloweza, mayeso akangodutsa zonse n'kuuluka. Zimene mwana akudziwa kale, zakumunda, zakumsika, zakumaliro, zimatengedwa ngati fumbi loti alisase pakhomo asanalowe m'kalasi. Ine ndikuti kumeneku ndi kupha luso lowerenga, ndipo umboni ulipo.

Mu 1988, Donna Recht ndi Lauren Leslie a ku America anapatsa ana asukulu 64 ndime yofotokoza masewero a baseball. Atawerenga, anawo anauzidwa kuti asonyeze zimene zinachitika pogwiritsa ntchito tizidole pa kabwalo koyerekezera, ndiponso kuti afotokoze nkhaniyo. Ana ofooka powerenga koma odziwa baseball anaposa anzawo odziwa kuwerenga bwino amene masewerowo sankawadziwa. Tanthauzo lake n'losavuta: mawu apapepala amamveka akapeza pomata m'mutu mwa wowerenga. Mutalemba ndime yonena za bawo, mnyamata wokhalira kusewera pansi pa mtengo wa mango angaimvetse msanga kuposa mwana wa ku London amene chingerezi anachiyamwira.

Tsono taganizani za buku la Chinua Achebe, Things Fall Apart, lomwe linatuluka mu 1958. M'bukumo Enoch, amene analowa Chikhristu, akuvula chigoba mmodzi wa egwugwu, ovina oimira mizimu ya makolo pakati pa Aigbo a ku Nigeria. Mudzi wonse ukugwedezeka ndipo tchalitchi chikuwotchedwa. Wowerenga wa ku Ulaya amafunika ndemanga yaitali kuti amvetse chifukwa chake mkwiyo unafika pamenepo. Mwana wa ku Dedza kapena ku Mchinji safuna ndemanga. Amadziwa chimene chingachitike munthu atavula gule chigoba pabwalo, pamaso pa amayi ndi ana osameta. Nanga n'chifukwa chiyani timamuloweza chiganizo chakuti bukuli likunena za kusamvana kwa zikhalidwe, osamufunsa zimene waona ndi maso ake? Kiyi wa bukulo ali naye m'thumba, ife n'kumamuuza kuti adikire panja.

Ena anena kuti zimene munthu akudziwa kale zikhoza kumusocheretsa. N'zoona. Mu 1932, Frederic Bartlett wa ku Cambridge anasonyeza kuti Angerezi powerenga nthano ya mtundu wina wa eni dziko la America, ankaisintha poikumbukira kuti ifanane ndi zakwawo, zachilendo n'kuzitaya. Egwugwu si gule, ndipo Aigbo si Achewa. Koma mankhwala a vutoli ndi kufanizira kenako n'kubwerera m'buku kukaona pamene zikusiyana. Woloweza notsi sangaone kusiyanako chifukwa alibe choyerekezera nacho. Ndipo ngati mwana alibiretu chodziwa pa nkhaniyo, ntchito ya mphunzitsi ndi kumupatsa maziko asanatsegule tsamba loyamba.

Ena adandaula za nthawi, kuti silabasi ndi yaitali ndipo m'kalasi muli ana ochuluka. Komatu kufunsa kuti "Kodi kwanu zoterezi zimachitika? Zimatha bwanji?" sikudya ngakhale mphindi zisanu, ndipo sikufuna ndalama kapena laibulale. Nthawi yeniyeni imatayika pamene tikubwereza ndime katatu kwa ana amene sanaigwire poyamba pomwe.

Anzanga, ambiri mwa ife tikamaliza digiri tikagwira choko, ena tayamba kale kuphunzitsa ana patchuthi. Tikangowagawira timabuku ta mayankho okonzakonza, tidzatulutsa anthu okhoza MSCE koma olephera kumvetsa kalata ya ngongole kapena malonjezo a chipani asanavote. Mwana akabwera ndi nzeru za agogo ake, muloleni alowe nazo m'kalasi, chifukwa ndi zimene adzawerengere.