Tikuweruza makochi a Flames poona mtundu wa jezi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za khalidwe lathu ife ochemerera mpira. Kochi wa Flames akangotulutsa mndandanda wa osewera, sitifunsa n'komwe kuti uyu akusewera bwanji mu ligi. Timayamba kuwerenga kuti a Bullets alimo angati, a Wanderers angati, a Silver angati. Ofiira akachuluka, Manoma amati kochiyu ndi wa Maule. A buluu akachuluka, phokoso limachokera mbali inayo. Pa mapulogalamu oimba foni a pawailesi, munthu amene sanapondeko pabwalo chaka chonse amalamula kuti mnzake achotsedwe ntchito kukangocha. A Kalisto Pasuwa atapatsidwa Flames, poti anatenga ligi kangapo motsatizana ndi Bullets, ena anawagamula kale asanaitane ndi wosewera mmodzi yemwe.

Zimene zimandiwawa kwambiri ndi zomwe tinawachita a Meke Mwase ali kochi wa Flames. Mu Marichi 2021 pa Kamuzu Stadium, Richard Mbulu anamwetsa chigoli chimene chinagwetsa Uganda 1-0, Malawi n'kupita ku AFCON kachitatu, kutsatira ulendo wa 1984 ndi wa 2010. Tinavina m'misewu mpaka usiku. Chaka chisanathe, timu itavutika m'masewero a World Cup m'gulu lomwe munali Cameroon ndi Ivory Coast, ife tomwe tija tinayamba kukuwa kuti mpira wawakulira, abwere mzungu. FAM inapereka timu kwa a Mario Marinica. Koma ku AFCON ku Cameroon, a Marinica atapezeka ndi Covid-19, amene anaima pamzere tsiku lomwe Gabadinho Mhango anachinya Zimbabwe kawiri anali a Mwase omwewo. Patangopita miyezi yochepa anaonetsedwa msana wa njira, ndipo ndi ochepa mwa ife amene anatsegula pakamwa kuwaikira kumbuyo.

A Marinica tinatopa nawo mu 2023. A Patrick Mabedi tinawalandira kuti ndi mwana wa pakhomo, mu 2024 tinawakuwiza mpaka anachoka.

Nanga timafuna chiyani kwenikweni? Kochi akaitana mnyamata wa ku South Africa timati amangotenthetsa benchi kumeneko, akamusiya timati wataya katswiri. Akatenga mwana wa ku Chitipa kapena ku Karonga timafunsa kuti ameneyu ndaninso, ngati kuti mpira umathera pa Blantyre ndi Lilongwe. Amene amaona anyamatawa pokonzekera, amene amadziwa bondo lotupa ndi wofika mochedwa ku kampu, ndi kochi.

Sindikuti makochi asadzudzulidwe, ntchito yawo ndi ya pagulu. Koma inunso, Akonzi, mumathira mafuta pamoto ndi mitu yankhani yofunsa chifukwa chake uje wasiyidwa. Mndandanda wotsatira ukatuluka, tiikireni pambali pa dzina lililonse masewero amene wasewera chaka chino ndi zigoli zake, kuti tizikangana tili ndi manambala m'manja.

Wokonda Flames,
Ndirande, Blantyre