Kumadzi timapita ndi anzathu

Omvera athu a ku Mualadzi ndi madera onse a Chifunde, tikambeko pang'ono za kusambira ndi kupalasa bwato.

Kuno nyanja ili kutali, koma za asodzi a kapenta a ku Cahora Bassa timazimva. Usiku wonse amakhala pamadzi ndi nyali zawo, wina pachiwongolero, ena paukonde. Mmodzi akafooka, anzake amazindikira kusanache. Kudalirana kotereku kumalimbitsa munthu, ndipo ofufuza anakuyeza. Mu 2010, Julianne Holt-Lunstad ndi anzake ku America anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 148, wokhudza anthu oposa 300,000. Anapeza kuti mwayi wokhalitsa ndi moyo unali wokwera ndi 50 peresenti kwa amene ali pa ubale wolimba ndi anzawo.

Zotsatira za kafukufuku wa ku Copenhagen, zomwe zinatuluka mu 2018, n'zochititsa chidwi kwambiri. Osambira ankakhala ndi moyo zaka 3.4 kuposa anthu ongokhala, pomwe osewera tenisi, masewera osatheka pawekha, ankawaposa ndi zaka 9.7. Ofufuzawo anaganiza kuti macheza ndiwo akuthandizapo. Kwa ine, izi zikutiuza kuti dziwe lokha silikwanira, pafunika anthu oseka nawo ndi okufunsa ukasowa.

Choncho achinyamata, mukamapita kumtsinje itanizanani, ndipo funsani akuluakulu malo amene kuli ng'ona. Amayi ndi abambo, mwana wosambira kumtsinje akamakodza magazi musadikire, mutengereni kuchipatala. Lingakhale likodzo, ndipo limachizika ndi mankhwala.